Mukamasula Galu pa Unyolo, Ntchito Yangoyamba

Ana anga, tayendani madzulo m'tinjira ta ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi kapena ku Chinamwali, mutchere khutu kuseri kwa mipanda. Pali galu wouwa chifukwa waona mlendo, ndiye pali galu wolira chifukwa dzuwa lonse lamuthera m'kakhola ka malata mopanda ngakhale dontho la madzi. Kulira kwachiwiriku tidakuzolowera moti ambiri sitikumvanso. Koma masiku ano kwabwera achinyamata amene kukuwaswa mtima. Amapita kukapempha galu wotereyo, kapena kukamutola kumene mwini wamutaya, n'kuyamba kumufunira khomo lina. Ndikuwayamikira kwambiri. Komabe agalu ena opulumutsidwa chotere amabwerera okha kwa wowazunza uja, ena amaluma mwana wa amene wawalandira, ena amangosintha unyolo, kuchoka pa wadzimbiri kupita pa watsopano. Chifundo chimakhala chilipo ndithu, chimene chimasowa ndi kudekha ndi kufunsa. Paja safunsa adadya phula.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimamufikitsa galu pamenepo. Si onse ozunza agalu amene amadziwa kuti akuzunza. M'matauni mwathu mudafala chiphunzitso chakuti galu wabwino ndi wolusa, ndipo kuti aluse ayenera kuvutika. Ndiye munthu amamutsekera mumdima usana wonse kuti asazolowere anthu, amamumana chakudya kuti akwiye, ena amamuthirira tsabola m'phala, ena amamupemerera utsi wa chamba, ena amamudula makutu ndi mchira ndi lumo kamwana kakulira. Zonsezi sizibala mlonda. Zimabala chinyama chamantha chimene sichisiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzapala moto. Ndipo mbava zimaudziwa mtundu umenewu: zimangoponya kanyama kothira tameki mumpanda, galu wanjala uja n'kumeza osanunkhiza n'komwe. Alenje akale a uzimba sankatero. Nyama ikagwa, galu ankalandira gawo lake la matumbo pomwepo, ndipo ankatsata mbuye wake m'tchire popanda chingwe.

Tsono mwamuona galu wotere, nthiti zili pamtunda, khosi lili zilonda. Mtima ukuuzani kuti mulumphe mpanda usiku mukamumasule. Musatero. Pamaso pa lamulo galu ndi katundu wa mwini wake, ndipo amene adzagone m'chitolokosi ndi inu, galu n'kubwezedwa komwe adachoka kukalandira mkwiyo wowirikiza. Lamulo loteteza nyama lilipo m'dziko muno, limatchedwa Protection of Animals Act, ndipo lili pa mutu 66:01 wa malamulo athu. Ndi lakale, koma limanena poyera kuti kumenya nyama mwankhanza, kuizunza kapena kuivutitsa popanda chifukwa ndi mlandu, ndipo khoti likapeza munthu wolakwa likhoza kumulanda chiwetocho. Wolanda ndi khoti, osati inu. Ngati mwini ali wouma mutu, njira yanu ndi ya kwa mfumu, kwa alangizi a ziweto, kupolisi, kapena ku mabungwe oona za nyama: ku Lilongwe kuli LSPCA, imene idayamba ntchito mu 2008, ndipo ku Blantyre kuli BSPCA.

Koma nkhani zambiri zotere sizifuna khoti. Zimafuna pakamwa pabwino. Akuluakulu adati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Mukafika pakhomo pa munthu ndi mawu akuti ndinu wankhanza, mwatseka chitseko ndi manja anu, pakuti palibe bambo amene angavomere kuchititsidwa manyazi pamaso pa mkazi wake ndi ana. Pitani ndi wamkulu amene iye amamulemekeza, mumuitanire pambali, pakuti bongololo sadzolera mafuta pagulu. Munene kuti, "Achimwene, zinthu zavuta masiku ano, ufa wakwera. Galuyu akuoneka kuti akukulemetsani. Bwanji tikupepuzeni, timupezere kwina?" Mudzadabwa kuchuluka kwa amene amapumira m'mwamba akamva zimenezi. Ambiri adangopatsidwa kamwana kokongola, kadakula, kadayamba kudya ngati munthu wamkulu, ndipo akhala akusowa pokataya.

Za ndalama chenjerani nazo. Mukamugula galuyo pa mtengo wabwino, mwaphunzitsa mwini kuti galu wowonda amalowetsa ndalama, ndipo sabata yamawa pa unyolo womwewo padzakhala kamwana kena. N'chimodzimodzi ndi tiana timene anyamata amatiimika m'mwamba m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, dzuwa likuswa mtengo. Wogula chifukwa cha chisoni ndi amene amachititsa kuti mawa abwere ndi tina, n'chifukwa chake a mabungwe oona za nyama akhala akupempha anthu kuti asamagule. Ndipo mwini akavomera kukupatsani, lembani kakalata, asayine iye, mboni ziwiri zisayine, ngati n'kotheka amfumu adinde. Galu amene lero akunyansa, pakatha miyezi itatu akudya bwino, ubweya ukuwala, amapezanso mwini wake wakale atakumbukira kuti "uja ndi galu wanga, ndidangobwereka."

Musanatuluke pakhomopo, tembenukani muyang'anenso. Apa ndikufuna mundimvere bwino, chifukwa ambiri amanyamula galu n'kuiwala anthu. Dzanja lozolowera kumenya chinthu chosayankha kawirikawiri silithera pomwepo. Katswiri wina wa ku America, Frank Ascione wa pa yunivesite ya Utah State, mu 1998 adafalitsa zimene adapeza atafunsa amayi othawira m'nyumba yosungira ozunzidwa m'banja. Mwa amayi amene anali ndi ziweto, 71 pa 100 alionse adati mwamuna wawo adaopsezapo kuvulaza chiwetocho kapena adachivulazadi, kapena kuchipha kumene. Ena adachedwa kuthawa chifukwa choopa chimene chidzagwere chiweto akachoka. Uko ndi kutali, koma amayi a kuno safuna kuuzidwa ndi munthu wa ku Utah. Amadziwa kuti bambo akalowa ataledzera n'kuyamba ndi kumenya galu theche pakhonde, ndiye kuti m'nyumba simugonedwa. Galu amamenyedwa kuti ana aone chimene chingawachitikire.

Choncho onani ngati mayi wa pakhomopo amayankhula akuyang'ana pansi, ngati ana amathawira kuseri bambo awo akatsokomola. Mwambo wathu wakuti za m'nyumba saulula wabisa maliro ambiri. Kuyambira 2006 tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo pa nkhani za ana pali nambala yaulere ya 116. Simungathetse banja la eni, koma mukhoza kunong'oneza ankhoswe, amfumu kapena a mpingo. Ndipo zikachitika kuti mayi wothawa nkhanza ndiye wakusungitsani galu wake, tsekani pakamwa. Musajambule galuyo n'kumuika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kuti anthu akutameni, chifukwa amene akusaka mkazi wake adzatsata galu. Ngati pakhomopo pali mwana amene ankamupatsa mkute mobisa, muuzeni kuti galu akupita kokadya bwino. Mwina ndi bwenzi lokhalo limene mwanayo anali nalo.

Mukachoka pamenepo, ulendo woyamba si wa kunyumba kwanu kukaonetsa ana. Ndi wa kwa dokotala wa ziweto, kapena kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Chifukwa chachikulu ndi chiwewe. Munthu amene sankapatsa galu madzi musayembekeze kuti ankapita naye ku katemera. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, pafupifupi onsewo atachitenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 alionse, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kuno kwathu madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adadandaula poyera mu 2012 za kuchuluka kwa ana omwalira ndi matendawa, ndipo mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma ndi BSPCA, lidatemera agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 okha. Katemera wa agalu pa misonkhano yotere amakhala waulere, ndipo chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse limakumbutsana za matendawa. Palibe chifukwa chakuti galu amene mwamupulumutsa akhale wosatemera.

Dziwani kuti katemera amateteza galu amene sanatenge matenda. Sachiza amene kachilombo kalowa kale m'thupi, ndipo kamatha kubisala masabata kapena miyezi. Ndiye masabata oyambirira galuyo akhale payekha, asasakanizike ndi agalu ena kapena ana, kufikira dokotala atanena. Chovuta n'chakuti kwa munthu wamba galu wamantha ndi galu amene chiwewe chikumuyamba amatha kufanana: onse amabisala, onse amatha kuluma mwadzidzidzi. Mukaona dovu likutuluka, chibwano chalendewera ngati fupa lamutsamwa, mawu ouwa asintha, miyendo yakumbuyo ikufooka, musalowetse dzanja m'kamwa kufuna fupalo. Itanani a ziweto. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite tsiku lomwelo ku ofesi ya ziweto ndi kuchipatala, pakuti m'malo ambiri achipatala amafuna kalata ya a ziweto asanapereke katemera wa anthu. Galuyo musathamangire kumupha. Amamutsekera n'kumuyang'anira masiku 10. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, palibe chipatala chimene chingamubweze.

Zilonda ndi tizilombo musiyirenso wodziwa. Pali agalu amene adamangidwa waya kapena chingwe ali aang'ono, khosi n'kukula, wayayo n'kulowa m'mnofu, musamuzule nokha. Pali nkhupakupa zodzaza m'makutu zimene zimabweretsa matenda otha magazi, pali nthata, njoka za m'mimba, mphutsi zolowa pansi pa khungu chifukwa chogona pa dothi lonyowa ndi mkodzo, ntchentche zodya nsonga za makutu. Pa mphere, ndikupemphani, lekani kupaka galu oyilo wakuda wochotsa m'galimoto. Amawotcha khungu, ndipo galu akadzinyambita amamwa poizoni. Mankhwala opopera thonje kapena tomato si osambitsira galu. Panado ndi Brufen, amene ife timameza mutu ukawawa, amatha kuwononga chiwindi, impso ndi chifu cha galu.

Pa chakudya ndi pamene chifundo chimaphera. Munthu akaona nthiti zija amadzaza beseni ndi nsima, mafupa ndi msuzi wamafuta kuti galu adye alipire masiku onse a njala. Thupi limene lakhala nthawi yaitali osadya silingalandire chakudya chambiri kamodzi. Galu amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo amene adafooka kwambiri amatha kufa kumene. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mupatseni tochepa kanayi kapena kasanu pa tsiku, muziwonjezera pakapita masiku. Phala la mgaiwa kapena la madeya lophika bwino, losakaniza ndi bonya kapena usipa, soya wokazinga wogaya, nthawi zina dzira lophika, n'lokwanira ndipo thumba la munthu wamba lingakwanitse. Nsima yokhayokha simanga thupi. Anyezi, tsabola ndi mchere wambiri ayi, mafupa ankhuku ophika ayi, chifukwa amasweka n'kubaya m'matumbo. Madzi akhalepo usana ndi usiku, pamthunzi.

Tsopano tifike pa bala limene dokotala sangasoke, la mantha. Thupi limachira m'masabata ochepa, mtima umatenga miyezi, wina chaka. Makolo adati chikakuluma chakuda, ukaona khala uthawa. Galu womenyedwa ndi tsache amanjenjemera mayi akamasesa. Womenyedwa ndi lamba amathawa bambo akamavula. Wina amaopa mpini wa khasu, wina fungo la kachasu, wina amuna okhaokha koma kwa amayi amafika. Ndipo pafupifupi galu aliyense wa m'dziko muno amadziwa tanthauzo la munthu wowerama, chifukwa kwa iye kuwerama ndi kutola mwala. Ndiye inu mukuwerama kuti mumusisite, iye akuona mwala ukubwera. Musakhumudwe kuti sakuyamika. Sakudziwa kuti mwamupulumutsa. Chimene akudziwa n'chakuti wachotsedwa pa malo okhawo amene ankawadziwa, ngakhale anali oipa, ndipo ali pakati pa fungo lachilendo ndi manja achilendo.

Mupatseni ngodya yake, pamthunzi, pouma, potchingika ku mphepo ndi mvula, muyale chiguduli, ndipo akalowa m'menemo munthu asamutsatire. Pamenepo pakhale pothawira pake. Masiku oyamba munthu mmodzi yekha ndiye azimupatsa chakudya, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, chifukwa galu amene wakhala osadziwa ngati lero kubwera mbale kapena ndodo amayamba kukhazikika akaona kuti mawa likufanana ndi lero. Ikani mbale, bwererani m'mbuyo. Musamuyang'ane m'maso tong'o, kwa agalu kumeneko ndi kuputa ndewu. Khalani pansi chapatali, mutamulozetsa phewa, muzichita zanu: kusenda chimanga, kusoka, kumvera wailesi. Muponyereni kausipa osamuyang'ana. Tsiku lina mudzamva mphuno yozizira ikununkhiza chigongono chanu. Ngakhale pamenepo musalumphe ndi chimwemwe kumukumbatira. Mulekeni anunkhize, achoke, abwerenso. Mukayamba kumugwira, yambani pachifuwa kapena m'mbali mwa khosi, osati pamutu, pakuti dzanja lochokera kumwamba ndi limene linkamumenya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunzirani kumva chinenero chake. Mchira ukalowa pakati pa miyendo, makutu akagona, akamanyambita milomo popanda chakudya, akamayasamula asali ndi tulo, akatembenuza mutu maso n'kuonetsa koyera, akuti mundisiye. Akaumiratu thupi osagwedezeka, ndiye kuti kwatsala pang'ono. Akagona chagada n'kudzikodzera, si mwano, akupempha kuti musamuphe. Kumukalipira pamenepo ndi kumutsimikizira kuti nanunso ndinu yemwe uja. Ndipo akabangula chapansipansi, mano ali pamtunda, musamumenye. Ndikubwereza, pakuti mphini yobwereza ndiyo imawala: musamumenye chifukwa chochenjeza. Galu wamkota sakandira pachabe. Pali chimene chamuopsa, kapena pali pamene pakumupweteka. Mukamulanga chifukwa chochenjeza, adzaphunzira kusachenjeza, ndipo tsiku lina adzaluma popanda mawu. Bwererani m'mbuyo, mufufuze chimene chachititsa, mawa muyambire patali.

Ambiri a agaluwa amalusira mbale, chifukwa adakulira m'njala. Akamadya asiyeni, ndipo ana muwauze motsindika. Kunena zoona, pa ana ndi pamene ndimaopa kwambiri. Mwana amathamanga, amakuwa, amakoka mchira, nkhope yake ili pa msinkhu wa mano a galu. Lamulo la pakhomo likhale lakuti galu akamadya, akagona kapena akalowa pangodya pake, sakhudzidwa, ndipo mwana wamng'ono satsala yekha ndi galuyo ngakhale mayi angopita kukatunga madzi pampopi. Uzaninso wantchito ndi mlonda. M'nyumba zambiri za m'tauni bwana amachoka m'mamawa n'kubwera usiku, ndipo amene amakhala ndi galu tsiku lonse ndi mnyamata wosesa panja, amene mwina kwawo adakula akugenda agalu. Ngati iyeyo simunamufotokozere, zonse zimene mukumanga madzulo iye akugumula masana.

Dzina mukhoza kumusintha, makamaka ngati lakalelo ankalimva pokhapokha ndodo ikubwera. Galu sachedwa kuzolowera latsopano likamabwera pamodzi ndi chakudya. Kungoti musatengere agogo athu amene ankatcha galu Mumandida kapena Tilekeni kuti poitana galu azilasa mnansi. Uyu wasenza kale milandu yokwanira.

Za unyolo: galu wotere amathawa. Chitseko chikangotseguka, kapena mabomba a Khirisimasi akaphulika, amaliyatsa liwiro, ndipo kawirikawiri amalunjika kwa mwini wake wakale, pakuti ndi njira yokhayo imene akuidziwa. N'chifukwa chake si nzeru kumupezera khomo m'mudzi momwemo kapena mseri mwa msika womwewo. Masabata oyamba tsekani mipata ya mpanda, ndipo potuluka naye mumange chingwe chofewa. Ngati palibe mpanda ndipo simungachitire mwina koma kumumanga, kokani waya wautali pakati pa mitengo iwiri kuti chingwe chiziyenda, afike pamthunzi ndi pamadzi, ndipo m'mawa ndi madzulo muziyenda naye. Kumeneko kukhale kongoyembekezera, osati moyo wake wonse.

Nanga khomo lokhazikika mulisankha bwanji, ngati inuyo mwangomusunga kwa kanthawi? Apa ndi pamene opulumutsa ambiri amatopa n'kupereka kwa woyamba kutambasula dzanja. Mverani funso loyamba limene munthu akufunsa. Akayamba ndi "Kodi ndi wolusa?" kapena "Ndi mtundu wanji, angabereke ana ogulitsa?", mwamva kale chimene akufuna. Tonse tikuwadziwa mabanja amene amatenga mwana wamasiye pamaliro akulumbira kuti adzamuphunzitsa sukulu, koma pakatha mwezi mwanayo ndiye wotunga madzi ndi wolera makanda. Galu wopulumutsidwa amagwa m'dzenje lomwelo: amatengedwa kuti ayambe ulonda usiku womwewo, ndipo akapanda kuuwa amatchedwa wopanda ntchito, n'kubwerera m'kakhola kuti aluse. Sindikunena kuti galu asalondere. Galu wokhuta, wodziwa anthu ake, amauwa yekha mlendo akafika usiku, osaphunzitsidwa ndi tsabola. Koma zimenezo zimabwera iye akayamba kuona pakhomopo ngati pake.

Pitani mukaone khomolo ndi maso anu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo ku Area 47 kapena ku Namiwawa sizitanthauza kuti galu akakhala bwino, mwina kuseri kuli kakhola kotentha kuposa kumene wachoka. Gogo wa kumudzi amene amakhala pakhomo tsiku lonse, ali ndi mthunzi wa mango ndi madeya okwanira, akhoza kumusunga bwino koposa. Funsani ngati onse a m'nyumbamo avomera, chifukwa bambo akafuna galu mayi asakufuna, wovutika ndi galu. Ngati ndi nyumba ya lendi, alandilodi akudziwa? Akadzasamuka, kapena akapita ku Joni kukasaka ganyu, galu adzatsala ndi yani? Ali ndi nkhuku, abakha, mbuzi, nanga anansi? Galu wanjala yakale akagwira nkhuku ya mnansi, mlandu umakafika kwa amfumu ndipo nthawi zambiri umathera pa poizoni. Ngati pali galu wina kale, akumane koyamba kunja, panjira, aliyense ali pa chingwe chake, ndipo mbale zawo zikhale motalikirana. Muwauze poyera kuti padzafunika ndalama ya chakudya, ya mankhwala a nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, ndi kubwereza katemera. Walira mvula walira matope.

Inunso nenani zoona. Ngati galuyo adalumapo munthu, nenani. Ngati amaopa amuna, amalusira mbale, amathamangitsa njinga, nenani zonse. Kubisa kuti galu apeze khomo msanga ndi kutchera msampha mwana wa eni, ndipo zikachitika galuyo adzafa imfa yoipa kuposa imene mudamulanditsa. Musanamupereke, akalimba thupi, pitani naye akamufule ngati ndi wamphongo, kapena akamutseke ngati ndi wamkazi. Galu wamkazi amatha kubereka kawiri pa chaka, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63 okha, ndipo ana akewo ndi amene mawa adzakhale pa maunyolo ena ndi m'mbali mwa misewu. A LSPCA ndi BSPCA amagwira ntchito imeneyi, ndiponso amalandira agalu ena n'kuwafunira makomo, ngakhale malo awo sangakwane agalu onse ovutika a m'mizinda iwiriyi. Mutu umodzi susenza denga. Afunseni nzeru ngakhale galuyo mukumusunga nokha.

Pali mawu ena owawa amene wamkulu sayenera kubisa. Si galu aliyense amene angabwerere. Alipo amene adavulazidwa thupi moti moyo wake ndi ululu wokhawokha, ndipo alipo amene mantha adamulowerera moti amaluma koopsa aliyense womuyandikira ngakhale patapita miyezi ya chisamaliro chabwino. Wotereyo musamupatsire munthu wina kuti vuto lichoke m'manja mwanu, musakamutaye kutchire kapena pamsika, ndipo musalole anyamata amugende kapena kumupatsa tameki, imene imapha mozunza kwambiri ndiponso imatha kupha ziweto zina ngakhale ana otola zinthu pansi. Dokotala wa ziweto ali ndi jakisoni wogonetsa mopanda ululu. Chigamulo chimenecho chichokere kwa iye atamuyeza, osati kwa inu tsiku limene mwatopa. Koma otere ndi ochepa. Agalu athu a m'midzi, ofiirira a makutu oimirira aja amene ena amawanyoza kuti ndi achabechabe, ndi olimba modabwitsa, ndipo ambiri akangodya, kuchira ndi kusiyidwa mwamtendere amabwerera kwa anthu.

Pomupereka, mupite naye nokha, ndi chiguduli chake chimene chili ndi fungo lake, mbale yake ndi khadi lake la katemera. Mupangane pamaso pa mboni kuti zikakanika, galuyo sagulitsidwa, sapatsidwa wina, satayidwa, koma abwerera kwa inu. Nkhanga zidapangana kusanapse. Pakatha masabata awiri kayendereni osalengeza, pakatha mwezi mupitenso. Musafunse kuti galu ali bwanji, pakuti yankho lidzakhala lakuti ali bwino. Onani ngati m'mbale muli madzi, onani khosi, onani ngati nthiti zikubisika, ndipo muone chimene galuyo amachita mwini watsopano akaimirira pampando mwadzidzidzi. Kubisala pang'ono pa mwezi woyamba si chodabwitsa, ndipo banja limene likuyesetsa mulilimbikitse, mulithandizeko ndi kathumba ka madeya ngati mungathe. Koma mukapeza wabwerera pa unyolo waufupi padzuwa, kapena ali ndi mabala atsopano, musayambe mikangano. Akumbutseni pangano lija, mumutenge tsiku lomwelo, mukayambenso kufunsa kwina.